News Hounds: Tikuseka, Koma Wogulitsa Bola Ali Kuti?

News Hounds inatuluka mu 1947, ya zithunzi zakuda ndi zoyera, ndipo ndi imodzi mwa mafilimu 48 a Bowery Boys. Anaitsogolera William Beaudine. Leo Gorcey akusewera ngati Slip, kamnyamata kotumidwa mu ofesi ya nyuzipepala komwe kamadziona kuti ndi mtolankhani kale. Huntz Hall ndi Sach, mnzake wa kamera, wamutu wosagwira bwino. Awiriwa akununkhiza gulu la anjuga lomwe limagula masewera kuti wopambana adziwike mpikisano usanayambe.

Slip amakonda mawu akuluakulu a Chingelezi n'kumawapotoza, ngati mnyamata wa ku Kapata wofuna kumveka wophunzira pamaso pa atsikana. Pamenepo mudzaseka. Koma chimene ndimaikondera filimuyi n'chakuti pa umboni sichita nthabwala. Nkhani itangosindikizidwa, anjuga aja akusumira nyuzipepala kuti yawaipitsira mbiri, ndipo chopulumutsa anyamatawa ndi zithunzi za Sach, osati pakamwa pa Slip. Ife lero kamera tili nayo m'thumba, koma timu yathu ikangoluza timathamangira pa Facebook kulemba kuti referee wadya ndalama. Ukatifunsa chithunzi, tsiku kapena mboni, tonse zii.

Pomwe ndimatsutsana nayo ndi apa. Maso ake ali pa zigawenga zovala masuti, ndipo zikagwidwa nkhani yatha. Silowa mumtima mwa wosewera amene walandira envulopu. Koma kwa ife a Zambia bala lili pamenepo. Mu 2011 khoti la ku Rovaniemi, m'dziko la Finland, linapeza osewera 7 a ku Zambia ndi 2 a ku Georgia, a timu ya RoPS, olakwa pa mlandu wolandira ziphuphu kuti agulitse masewera. Wowagula, Wilson Raj Perumal wa ku Singapore, anagamulidwa zaka 2 m'ndende. Anyamatawo anachoka kwathu kukasaka moyo ndi miyendo yawo, n'kutaya mbiri chifukwa cha ndalama za munthu wina. Nthabwala za Slip sizifika kumeneko.

Njuga nayo yasintha nkhope. Sibisalanso m'chipinda chakumbuyo monga mu 1947. Ili pa foni, ili m'mashopu obetchera pamsika, ndipo wobetcha ndi ife tomwe, ndi K5 yomwe amayi anatituma kukagula tomato.

Ndikuti ioneni, koma musalekere pa kuseka. Oseketsa athu a ku Mchini ndi Nabvutika, amene mumajambula timavidiyo ndi foni, Slip wanu muli naye kale m'komboni. Mupatseni Chinyanja, mumutume ku David Kaunda Stadium ndi kope m'manja. Koma mulembenso goloboyi wa miyezi itatu osalipidwa, amene mlendo wamuitanira kuseri kwa bwalo. Filimu imeneyo Hollywood siingatipangire.