Kukonza Pepala Osasintha Munthu: Luso Lobwezeretsa Zithunzi za Banja ku Dowa ndi Ntchisi

Chithunzi ndi pepala lopakidwa mankhwala, ndipo chimakalamba ngati pepala lina lililonse. M'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi adani ake ndi odziwika: chinyezi cha dzinja chomwe chimalowa mpaka m'sutukesi, denga la udzu lodontha, chiswe, mphemvu zomwe zimakukuta pamwamba pa pepala, ndi mwaye wa koloboyi pa chithunzi chopachikidwa kukhoma. Pofika kwa wokonza pa kompyuta ku Mponela, ku Madisi, pa boma la Dowa kapena la Ntchisi, chithunzicho chimakhala chopindika, chofufuma mawanga, mwina chomatidwa selotepu yomwe inasanduka yachikasu kalekale.

Zambiri mwa zithunzi zakale za kuderali zinachokera kutali. Amuna opita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, ulendo umene boma linauimitsa mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown ndi kupha anthu oposa 70, ankatumiza kwawo chithunzi cha mu situdiyo atavala suti ndi chipewa. Chimodzimodzinso opita ku Salisbury ndi m'mafamu a ku Rhodesia. Kwa mabanja ena, mtchona amene sanabwerere anangotsala pa kapepala kameneko. Zina zinajambulidwa pa mishoni za Mvera, yomwe inayamba mu 1889, ndi Kongwe ya mu 1894. Pambuyo pake kunadza ojambula oyendera njinga, ofika pa ukwati, pa ubatizo, kapena fodya akangogulitsidwa pamene m'thumba muli kanthu. Filimu inkatsala kwa wojambulayo, banja n'kulandira pepala limodzi lokha. Ku Dzaleka, komwe kwakhala anthu othawa nkhondo kuyambira 1994, nkhani yake ndi yoposa pamenepo, chifukwa situdiyo yomwe inajambula inatsala ku Congo, Burundi kapena Rwanda. Choncho wokonza amagwira chinthu chomwe chilibe chinzake.

Ntchitoyi kawirikawiri imabwera mwachangu. Pagwa maliro, pakufunika nkhope ya malemu pa pologalamu. Kapena a mbumba agwirizana zomanga chiliza ndipo akufuna chithunzi pa malaya ndi pa nsalu. Changu chimenechi ndi chomwe chimabala ntchito zambiri zosalongosoka.

Gawo loyamba ndi kulowetsa chithunzi mu kompyuta, ndipo cholakwika cha apa sichikonzeka mtsogolo. Chithunzi cha masentimita 10 ndi 15 chikasikanidwa pa 300 dpi chimapereka mapikiselo pafupifupi 1,200 ndi 1,800, okwanira kutsukanso pa msinkhu womwewo. Wofuna kuchikulitsa kawiri ayambire pa 600 dpi. Kachithunzi ka pa chitupa, ka masentimita 3.5 ndi 4.5, kamafuna 1,200 dpi kuti katuluke bwino pa pepala la masentimita 14 ndi 18. Kumene kulibe sikana, foni imathandiza, koma ijambule pa khonde pamthunzi, popanda fulashi, italunjika chithunzicho mosapendekeka. Chithunzi chomwe chinamamatira ku galasi la fulemu chisikanidwe ndi galasi lomwelo, chifukwa pochimatula nkhope imatsalira pa galasi. Fumbi lipukutidwe ndi burashi yofewa; madzi ndi malovu zimasungunula pamwamba pa pepala lovunda kale. Kuseri kwa chithunzi nako kusikanidwe, pakuti chidindo cha situdiyo ndi mawu a bolopeni nthawi zina zimanena zambiri kuposa kutsogolo.

Kenako pamabwera kubwezeretsa kuwala ndi mitundu. Chithunzi cha mitundu cha m'ma 1970 ndi 1980 chili ndi utoto wa mitundu itatu wosanjikizana, ndipo utotowo sufwifwa mofanana. M'zithunzi zambiri zosungidwa mu alubamu, utoto wobiriwira mobuluwira ndiwo umayamba kutha, n'chifukwa chake ukwati wonse umaoneka wofiirira ngati unachitikira m'fumbi la katondo. Mu Photoshop, yomwe inatuluka mu 1990, kapena mu GIMP yomwe ndi yaulere, chida cha Levels ndi cha Curves zimalola kukonza mtundu uliwonse pawokha. Wokonza amafunafuna chinthu chomwe akudziwa kuti chinali choyera kapena chakuda, monga kolala ya abusa kapena nsapato ya mkwati, n'kuyezera zonse pamenepo. Ambiri amangowonjezera kuwala ndi kukoleza mitundu. Zotsatira zake kufiira kuja kumangokula.

Ming'alu, mikwingwirima ndi mabowo a chiswe zimatsekedwa ndi clone stamp ndi healing brush, zida zomwe zimatapa mbali yabwino ya chithunzi n'kumata powonongeka. Ndi ntchito ya chigamba, ndipo chigamba cha telala waluso sichioneka. Wosazolowera amatapa pamalo amodzi mobwerezabwereza, mpaka njerwa imodzi kuoneka kasanu pa khoma. Zonsezi zichitike pa layer yapadera, chithunzi choyambirira chili pansi chosakhudzidwa.

Luso lenileni limaonekera pa nkhope, pomwe wokonza ayenera kusiyanitsa chilema cha pepala ndi chizindikiro cha munthu. Amayi ambiri achikulire a Chichewa anali ndi mphini pamasaya kapena pamphumi. Pa chithunzi chakuda ndi choyera chomwe chakalamba, mphini ndi mkwingwirima wa pepala zimafanana kwambiri, ndipo mnyamata wobadwira m'tauni angazifufute zonse akuyesa akuchita bwino. Mpata wa pakati pa mano, chipsera cha pachibwano, diso limodzi locheperapo, makwinya a munthu amene walima moyo wake wonse: izi ndi zomwe ana ake amamuzindikirira. Njira yosiyanitsira ilipo. Mng'alu wa pepala umadutsa mosasankha, kuchoka patsaya kukafika pa duku ndi kukhoma. Mphini imatsatira maumbidwe a nkhope, ndipo nthawi zambiri ili ndi inzake tsaya linalo. Pokayikitsa, afunsidwe azakhali kapena atsibweni amene anamuona munthuyo ali moyo.

Nkhani ya khungu ili ndi mbiri yake. Kuyambira m'ma 1950, malo otsukira zithunzi ankayezera makina awo pa makhadi a Kodak otchedwa Shirley, pomwe panali mzimayi wa khungu loyera. Mafilimu a nthawi imeneyo sankagwira bwino khungu lakuda, makamaka likakhala pafupi ndi chinthu chowala. N'chifukwa chake pa zithunzi zambiri za ukwati diresi limaoneka ndi ulusi uliwonse pamene nkhope ya mkwatibwi yamira mumdima. Kuwalitsa nkhope yoteroyo payokha, kuti maso ndi mphuno zioneke, ndi kubweza chomwe filimu inalephera kugwira. Koma pali malire, ndipo amadumphidwa kawirikawiri. Mwini chithunzi amati, "Muwawalitseko pang'ono," wokonza n'kukankha mpaka agogo akuda bii kusanduka oyera ngati odzola mafuta oyeretsa, khungu losalala ngati chidole cha pulasitiki. Yofunika kuwalitsidwa ndi mithunzi, mtundu wa khungu ukhale momwe unalili, ndipo timadontho ta filimu tisafufutidwe tonse chifukwa ndi timene timapangitsa khungu kuoneka lamoyo.

Mapulogalamu a pa foni monga Remini afulumizitsa ntchitoyi koposa. Chithunzi chosaoneka bwino chimatuluka chakuthwa m'masekondi ochepa, ndipo anthu amadabwa. Chofunika kumvetsa n'chakuti pulogalamu yotere sifukula chomwe chinabisika m'pepala. Imapeka maso, mano ndi nsidze potengera nkhope zambirimbiri zomwe inaphunzirirapo. Mu 2020 chithunzi chosaoneka bwino cha Barack Obama chitaikidwa mu pulogalamu yotchedwa PULSE, kunatuluka nkhope ya mzungu. Mapulogalamu asintha kuchokera nthawi imeneyo, koma kupekako sikunathe: mphini imachotsedwa ngati litsiro, mpata wa mano umatsekedwa, mphuno imasongoka. Chimatuluka ndi munthu wokongola amene akufanana ndi agogo monga momwe msuweni angafananire nawo. Zidazi zimagwira bwino pa khoma, pa udzu ndi pa malaya. Pa nkhope, wokonza wosamala amaika ntchito ya pulogalamuyo pamwamba pa chithunzi chenicheni, n'kuichepetsa mphamvu mpaka munthu woyambayo atabwerera. Ngati chiswe chinadya theka la nkhope, kutembenuza theka lotsalalo n'kulimata mbali inayo kumabala nkhope yachilendo, chifukwa palibe munthu amene mbali zake ziwiri n'zofanana ndendende. Kuli bwino kubwereka diso kapena khutu pa chithunzi china cha munthu yemweyo, ndipo banja liuzidwe kuti mbali imeneyi ndi yoyerekeza.

Kupaka mitundu pa chithunzi chakuda ndi choyera ndi kuyerekezanso. Yunifolomu ya amayi a Chigwirizano a Sinodi ya Nkhoma, bulauzi yoyera, duku loyera ndi siketi yakuda, ndi yodziwika, koma kompyuta ingaipake buluu mosadandaula. Mtundu wa chitenje cha tsiku la chinkhoswe akuudziwa ndi amene analipo basi. Zinanso zomwe anthu amapempha, monga kuveka malemu jekete, kuchotsa nkhokwe kumbuyo n'kuikapo maluwa, kapena kufufuta mkamwini amene banja lake linatha, ndi ntchito ina, yosiyana ndi kubwezeretsa. Banja lili ndi ufulu wopanga chithunzi chotere cha pa pologalamu ya maliro, bola chosasinthidwacho chisungidwe. Nkhokwe ija ndi nyumba ya mdindo kumbuyoko mwina ndi umboni wokhawo wa mmene mudzi unalili anthu asanasamuke.

Posunga, fayilo yoyamba yosakonzedwa ndi yomaliza zikhale mu TIFF kapena PNG, chifukwa JPEG imataya kanthu nthawi iliyonse ikakonzedwa n'kusungidwanso. WhatsApp imafinya zithunzi, choncho potumiza kwa abale a ku Lilongwe kapena ku Johannesburg ndi bwino kutumiza ngati document. Memori khadi imafa mosatsanzika ndipo foni imabedwa. Makope akhale m'malo awiri kapena atatu, limodzi litatsukidwa pa pepala. Dzina la munthu, mfunda wake, mudzi, mfumu yaikulu ya deralo ndi chaka zilembedwe pa dzina la fayilo komanso ndi pensulo kuseri kwa pepala latsopanolo. Chithunzi chakalecho chibwerere kwa mwini wake mu emvulopu ya pepala, osati m'jumbo yomwe imasunga chinyezi, ndipo chiikidwe pamalo okwera, patali ndi khoma lomwe limanyowa m'dzinja.