Mudzi ndi Tauni M'buku la Akalembera

Buku la kafukufuku wa zaumoyo wa 2015–16, lochokera ku ofesi ya kalembera ku Zomba, liyenera kuyamikidwa, pakuti lidawerenga zimene maso athu adaziona kale. Liti akazi 10 a kumudzi abala ana 47 pa moyo wawo, a m'tauni ana 30. Ndiponso mwa ana 100 osafika zaka zisanu, opinimbira ali 39 kumudzi, m'tauni 25.

Koma ife tili ndi dandaulo pa liwu ili lakuti tauni. Kodi mayi wa ku Mbayani, wogula madzi ndi ndowa, alingana ndi mnzake wa ku Nyambadwe? Alembi adawaika pa mzere umodzi, tsono kukhuta kwa wina kubisa njala ya mnzake. Inde, pamasamba ena asiyanitsa olemera ndi osauka. Koma muyeso wawo uyang'ana magetsi, mpopi ndi simenti yapansi, motero munthu wa lendi, wogona ndi njala m'chipinda chimodzi, akhoza kuoneka wopeza bwino. Kolera siidasamale mzerewo: mu Januwale 2023 boma lidachedwetsa kutsegula sukulu, osati kumidzi ayi, koma ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Chinanso nchakuti anthu athu sakhala malo amodzi. Mayi akataya mwana ku Ndirande, nabwerera kwawo kukalima, akalembera amupeza kumudzi, ndipo imfa ija ilembedwa ya kumudzi.