Za Feira ndi Zumbo m'Mabuku a Dr. Livingstone

Pamene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi pali midzi itatu yoyang'anana. Tsidya la kumadzulo kwa Luangwa, m'dziko la Zambia, pali Feira, amene tsopano achedwa Luangwa. Tsidya la kum'mawa, m'dziko la Mozambique, pali Zumbo, ndipo kumwera kwa Zambezi, m'dziko la Zimbabwe, pali Kanyemba. Anthu ambiri ofuna kudziwa mbiri ya midzi imeneyi ayamba ndi mabuku awiri a Dr. David Livingstone. Loyamba ndilo Missionary Travels and Researches in South Africa, la caka ca 1857, ndipo laciwiri ndilo Narrative of an Expedition to the Zambesi and its Tributaries, la caka ca 1865, limene analemba pamodzi ndi mng'ono wace Charles. Ine ndifuna kuyesa mabuku awa pa muyeso, kuti tione cimene atipatsa ndi cimene atimana, pakuti aphunzitsi ena atenga mau ace ngati mbiri yonse ya malowo.

Tiyambe ndi zabwino, cifukwa akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Livingstone anali munthu wosunga masiku. Atiuza kuti anafika pa mathiriro a Luangwa pa 14 January 1856, pocokera ku dziko la Makololo, ali ndi amuna 114 amene mfumu Sekeletu anampatsa. Analemba maina a mafumu amene anawapitirira, monga Mburuma ndi Mpende, ndipo anayesa malo ndi nyenyezi kuti ena awapeze pa mapu. Asanaoloke Luangwa anapeza mabwinja a calici ca miyala, ndi belu losweka lokhala ndi mtanda ndi zilembo I.H.S. Ataoloka anaonanso mabwinja a nyumba zina za miyala. Zimenezi ndi zoona, ndipo tiyenera kumthokoza, pakuti miyala imatengedwa ndi omanga, ndipo cimene sicinalembedwe cisowa msanga.

Koma akulu omwewo anatinso mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Livingstone anakhala pa malowo masiku owerengeka okha, ndipo anafika pa nyengo yoipa ya kuweruzira mudzi wa m'cigwa. Aliyense wobadwira m'mbali mwa mtsinje adziwa mwezi wa January. Mvula ili pakati, mtsinje wadzala, udzu watalika nubisa njira, nkhokwe zapepuka, ndipo anthu ali ku minda kupalira. Tsono taganizani, inu owerenga: pa nthawi yotere afika amuna 114 acilendo, onyamula mikondo, olankhula cinenero cina, otsogozedwa ndi Mzungu, onse ofuna cakudya ndi mabwato. Kodi ndi mfumu iti imene sikadacenjera?

M'buku loyamba nkhani ya kuoloka Luangwa inalembedwa monga nkhani ya zoopsya. Livingstone anaopa kuti anthu a Mburuma adzamthira nkhondo pamene gulu lace lagawika pakati, ena tsidya lino ena tsidya lija. Anambwereka bwato limodzi lokha ngakhale ena analipo, ndipo amuna a zida anaimirira kumbuyo kwace. Iye anawaonetsa wochi yace ndi galasi lotenthera ndi dzuwa kuti awaceze kufikira anthu ace onse ataoloka. Nkhaniyi ikoma kuiwerenga, ndipo alaliki aikonda. Koma tikaiwerenga modekha tipeza kuti panalibe muvi ngakhale umodzi umene unaponyedwa. Buku lomwelo linena kuti amai ace a Mburuma anawalandira bwino. Linenanso za munthu wa ku Italy, dzina lace Simoens, amene zaka zapitazo anakwera mtsinje ndi akapolo a mfuti, nafunkha pa zisumbu, natenga anthu ndi minyanga. Cotero anthu anali ndi cifukwa cao ca kuopa Mzungu wobwera ndi khamu. Livingstone analemba cifukwaco, koma mantha amene owerenga ace akumbukira ndi ace a iye yekha, osati a eni dziko.

Pali mau ena ang'ono amene andibvuta koposa. Polemba za mabwinja, anena kuti anthu sanathe kumuuza dzina limene Azungu ankachula mudzi wao, ndipo anadzamva pambuyo pace kuti ndi Zumbo. Taonani funsolo. Anafunsa dzina la Azungu, ndipo atalisowa anapitirira. Apwitikizi anasiya Zumbo m'caka ca 1836, ndiko kuti zaka 20 zokha zinali zitapita. Munthu wa zaka 40 anaona mudziwo uli ndi anthu, ndipo nkhalamba zina ziyenera kuti zinapalasako mabwato a amalonda kapena kumva belu lija likulira. Mbiri inali m'kamwa mwa anthu omwe anaimirira kumbuyo kwace. Koma mbiri yotere siiperekedwa kwa munthu wa pa ulendo, wolankhula kupyolera mwa womasulira, monga iye ankacitira ndi Sekwebu, pa tsiku limene mbali zonse ziwiri zili kuopana.

Tsopano tidziwa zambiri za mudziwo cifukwa ca makalata akale a Apwitikizi amene anthu ophunzira anawafufuza, monga S. I. G. Mudenge wa ku Zimbabwe ndi Malyn Newitt, mwini buku lochedwa Portuguese Settlement on the Zambesi, la caka ca 1973. Zumbo anayambidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1700 ndi amalonda ocokera ku Goa. Liu lakuti feira m'Cipwitikizi litanthauza msika. Nsaru za ku India ndi mikanda zinkacokera ku Tete, ndipo popeza mathithi a Cahora Bassa salola bwato kupita, akatundu ankasenzedwa pamutu kufikira ku Chicoa, nalowanso m'mabwato kunka ku Zumbo. Kucokera pamenepo anthu akuda otumidwa ndi amalonda ankapita nazo kumwera, ku dziko la Changamire, kukagula golidi, ndi kumpoto kukagula minyanga ya njobvu ndi mkuwa. Mudziwo unalibe mphamvu ya kudziteteza wokha. Kangapo m'zaka za m'ma 1700 amalonda anapulumuka cifukwa Changamire anatumiza ankhondo ace kudzawathandiza. Cotero Zumbo anali msika wokhala pa nthaka ya eni ace, wodalira cifundo ca mafumu ndi cakudya ca midzi yozungulira.

Apa ndi pamene nyengo ya masika ilowa m'nkhani yathu. M'cigwa muno caka citembenuka m'miyezi ya April ndi May. Mvula yaleka, mapira ndi cimanga zauma, akazi ali kukolola, nkhokwe zidzala, ndipo mowa uphikidwa wa kuthokoza mizimu ndi wa kuitanira anthu ku nchito. Mtsinje uyamba kuphwa nusiya matope a conde m'mbali mwace, m'mene anthu abzala madimba a cimanga, maungu ndi mbatata odzadya m'cilimwe. Amuna achera miono m'timakwawa pamene nsomba zibwerera ku mtsinje, ndipo posacedwa masau ayamba kupsya. Njira ziuma, madooko aoloceka, ndipo munthu wa ulendo apeza ufa wogula m'mudzi uliwonse. Msika wonga Zumbo sukadakhala popanda zimenezi, pakuti wonyamula minyanga sadya golidi. Caka cimene masika alephera, malonda nawonso afa. M'zaka za m'ma 1820 cilala cacikuru cinagwa m'cigwa ca Zambezi, ndipo mu November 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, tsiku limene dzuwa linada usana. Caka cotsatira mudzi unasiyidwa. Livingstone aika kulemera kwakukuru pa malonda a akapolo monga cimene cinaononga midzi ya Apwitikizi ya pa Zambezi, ndipo pamenepo sananame. Koma wowerenga iye yekha sadzazindikira kuti njala ndi nkhondo za eni dziko zinali nalo gawo lao.

Buku laciwiri liposa loyamba pa zinthu izi, ndipo ine ndiyesa kuti cifukwa cace ndi nyengo. Pa ulendo wobweza Makololo kwao, Livingstone, Charles ndi Dr. John Kirk anacoka ku Tete pa 15 May 1860, nafika ku Zumbo kumapeto kwa June. Anayenda pansi m'mbali mwa mtsinje pamene dzinthu zinali zitangokololedwa, ndipo m'masamba amenewo muli minda, thonje, anthu oomba nsaru, ndi osaka mvuu. Dziko limene mu January linaoneka la mantha tsopano lioneka la anthu a nchito zao. Komabe maso a olembawo anali pa cinthu cina. Boma la ku England linawatuma kukaona ngati Zambezi ingakhale njira ya malonda, cotero thonje ndi malasha aziwerengera monga cuma codzatengedwa, ndipo munda auona ngati umboni wakuti nthaka ndi yabwino, osafunsa kuti ndi wa mbumba iti ndi kuti anaupereka ndani. Atafikanso pa calici cija, abwerera ku cisoni cao ca pa mabwinja, ngati kuti pamene belu linaleka kulira mbiri nayonso inaima.

Mbiri siinaime. Buku lomwelo lisimba za anthu a Sequasha, wosaka njobvu wa ku Tete, amene anapha mfumu Mpangwe naika wina m'malo mwace, ndipo Livingstone anadandaula poona kuti ogula akapolo ali kutsata mapazi ace. Pamenepa ndimlemekeza, pakuti sanabise cinthu cimene cinamcititsa manyazi. Apwitikizi anabwerera ku Zumbo mu 1862. Pambuyo pace kunabuka atsogoleri a Acikunda, monga José do Rosário Andrade, wochedwa Kanyemba, amene dzina lace lakhala pa mudzi wa tsidya lija, ndi José de Araújo Lobo, wochedwa Matakenya, amene anasautsa anthu a m'cigwa ca Luangwa. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linasandutsa mtsinje kukhala malire, nilekanitsa abale amene ankaolokerana tsiku ndi tsiku. Ansembe a Cijezuiti atacotsedwa m'maiko a Apwitikizi mu 1910, ena a iwo anaoloka Luangwa, ndipo misyoni ya Katondwe inakula m'dziko la Feira. Msewu waukuru wa kum'mawa unadzera kutali kumpoto, mailosi oposa 50, ndipo mudzi umene unali pa mphambano ya malonda unatsala kumapeto kwa njira.

Pali buku lina limene lionetsa kuti nchitoyi itheka kucitika mwa njira yina. Allen ndi Barbara Isaacman, m'buku lao Slavery and Beyond la caka ca 2004, anakhala pansi ndi nkhalamba za Acikunda nafunsa za makolo ao, za kusaka njobvu, za kupalasa mabwato, ndi za m'mene akapolo a pa minda ya Apwitikizi anasandukira mtundu wa anthu. M'menemo anthu a m'cigwa alankhula okha, ndipo zoipa zimene makolo ao anacitira anzao sizibisika. Koma ilo ndi buku la Cingerezi, la anthu a sukulu zazikuru, ndipo mwana wa ku Feira saliona kawirikawiri. Ndiponso linena makamaka za Acikunda, pamene Ansenga a kwa Mburuma ndi anansi ao ali nazo zao zonena.

Cimene cindicititsa kulemba ndi ici, kuti masika akale nawonso ali kutha. Khoma la Kariba litatsekedwa mu 1958, madzi a Zambezi analeka kusefukira ndi kuphwa monga mwa nyengo zace, ndipo kuyambira 1974 nyanja ya Cahora Bassa inabweza madzi kufikira kufupi ndi Zumbo. Luangwa yekha ndiye asungabe mwambo wace wa kudzala ndi kuphwa. Anthu amene anaona madimba a pa Zambezi madziwo asanamangidwe tsopano ndi okalamba, ndipo akapita apita nawo maina a zisumbu, a madooko, ndi a mabanja amene anali eni matope a conde. Mu mabuku a Livingstone mulibe zimenezi, ndipo sitingazipeze m'makalata a ku Lisbon.

Cifukwa cace ndinena kwa aphunzitsi ndi kwa onse odziwa kulemba: werengani Livingstone, pakuti masiku ace ndi maina ace ndi okhulupirika, koma mumuwerenge monga mboni imodzi pa bwalo, yonena zimene inaona pa masiku ocepa. Mboni zina zili m'midzi. Pitani kwa izo pa masika, pamene nkhokwe zadzala ndipo akulu ali ndi nthawi ya kuceza madzulo. Musayambe ndi kufunsa za belu kapena za dzina limene Azungu anapatsa mudzi. Funsani kuti dooko ili anayamba kuolotsa ndani, njala yaikuru anaipulumuka bwanji, ndi kuti agogo ao anagona kuti pamene anthu a Matakenya anafika. Lembani mayankho m'cinenero ca eni ace, ndi dzina la mudzi ndi caka cimene mwamva, kuti odza m'mbuyo adzathe kuyerekeza mau a akulu ndi mau a m'mabuku.