Mpando wa Cloud Nine ndi nkhani zimene umapha

Mu Novembala 2024, Ethiopian Airlines inalandira ndege ya Airbus A350-1000, yoyamba mu Africa muno. Nkhaniyi ikutikhudza, poti Malawi Airlines ilibe ndege zamaulendo ataliatali, ndipo ambiri opita kunja kuchokera ku Chileka kapena ku Lumbadzi amakasinthira ku Addis Ababa.

Otsatsa malonda akutamanda mipando ya business class, imene kampaniyi imaitcha Cloud Nine. Mpando umayalika n'kukhala bedi. Pamenepo palibe wotsutsa, msana ndi msana basi. Koma chimene akuchichemerera kwambiri n'chakuti mipando yaikidwa umodzi, iwiri, umodzi, kuti pokadzithandiza usadumphe miyendo ya mnzako, kapena kumupatsa moni n'komwe.

Apa ndiye ndakana, anzanga alembi. Kwerani minibasi ya ku Domasi kupita ku Zomba: mwathithikana anayi pampando, wina wakutwikani mwana, ndipo musanafike ku Chinamwali mwamva kale za maliro, mitengo ya feteleza ndi banja limene latha dzulo. Wokwera Cloud Nine atsika ku London atagona tulo tabwino, koma mufunseni anakhala ndi ndani. Angokuuzani za vinyo.