Chipale cha pa Siteji, Fumbi la ku Philippi

Nutcracker, gule wa bale wa pa Khrisimasi, amagwetsa chipale chofewa pa siteji pamene kunja dzuwa la Disembala likuswa mtengo ku Cape Town. Nyumba ya zisudzo ya Nico Malan idayamba kulola anthu akuda mu 1975, chaka chomwe zisakasa za Crossroads zidayamba kumera m'mphepete mwa Philippi. Koma wa m'zisakasa akadaipeza kuti ndalama ya tikiti? Achinyamata kumeneko ankavina disiko m'mashabini, atavala mabuluku otambalala m'munsi, ndipo mu 1983 Weekend Special ya Brenda Fassie idawatenga mtima. Tsono tisamati Philip Boyd adabweretsa kuvina m'makomboni poyambitsa Ballet for All ku Gugulethu mu 1991. Ana amene iye adawaimika pa zala za kumapazi adabadwa kwa makolo odziwa kale kudula chiuno.