Buku Limodzi m'Makalasi Ambiri: Kupenda Nchito ya Global Read Aloud

M'caka ca 2010 mphunzitsi wina, Mai Pernille Ripp, mbadwa ya ku Denmark amene pa nthawiyo anali kuphunzitsa ana a sukulu ku Wisconsin m'dziko la America, anaitana aphunzitsi anzace kuti onse awerengere ana ao buku limodzi pa nyengo imodzi. Nchitoyi inachedwa Global Read Aloud. Makonzedwe ace sanali obvuta: kwa masabata 6, cakumapeto kwa caka, mphunzitsi ali yense anawerenga mokweza mitu yoikika ya sabata limenelo, ndipo ana anauzana maganizo ao ndi kalasi lina lakutali pa intaneti, kapena polemberana makalata.

Coyamba ciyenera kubvomerezedwa: maziko ace ndi olimba. Khutu la mwana limatsogola, diso limatsata pambuyo. Mwana amene akali kubvutika kulumikiza zilembo angathe kumva nkhani yaitali ndi yakuya ngati wina amwerengera, ndipo pa ola limenelo wofulumira ndi wocedwa akhala pa mphasa imodzi. Kuonjezera apo, mwana amene adziwa kuti anzace a tsidya lina la nyanja adzawerenga yankho lace alemba mosamala koposa pamene alembera mphunzitsi yekha, amene nchito yace ndiyo kuconga.

Koma dzina lakuti "Global" lilonjeza dziko lonse lapansi, ndipo lonjezo limeneli ndilo lifunika kuyesedwa. Buku loyamba linali The Little Prince la Antoine de Saint-Exupéry, lolembedwa m'Cifalansa, losindikizidwa m'caka ca 1943, ndipo lamasuliridwa m'zinenero zoposa 300. Kusankha kumeneku kunali kwanzeru, pakuti mwana wa ku Brazil ndi mwana wa ku Japan akadatha kumva mutu womwewo, yense m'cinenero ca amace. Njira imeneyi siinalondoledwe. Mabuku otsatira, monga Charlotte's Web ndi The One and Only Ivan m'caka ca 2012, kapena Pax m'caka ca 2016, anali a Cingerezi, ocokera kwa osindikiza a maiko olankhula Cingerezi. Cotero khomo linatsegukira makamaka ana a ku America, Canada, Australia ndi masukulu a Cingerezi a m'mizinda ikuluikulu ya maiko ena. Mwana wa zaka 8 amene aphunzira kuwerenga m'Ciswahili kapena m'Cihindi anatsala kunja kwa mpanda.

Cilungamo cifuna kuti cinenedwe kuti Mai Ripp anaona kupereweraku, nayesa kukukonza. M'caka ca 2017 kunawerengedwa A Long Walk to Water la Linda Sue Park, losimba za Salva Dut, mnyamata wa mtundu wa Dinka amene anathawa nkhondo ya ku Sudan m'caka ca 1985, ndipo atakula anabwerera kukakumba zitsime kwao. M'caka ca 2018 kunabwera Amal Unbound la Aisha Saeed, nkhani ya mtsikana wa ku Pakistan, pamodzi ndi mabuku a zithunzi a Julie Flett ndi Monique Gray Smith, a mitundu ya eni nthaka a ku Canada. M'caka ca 2019 The Bridge Home la Padma Venkatraman, lonena za ana ogona m'miseu ya ku Chennai. Onsewa ndi mabuku abwino. Koma pano pali msampha. Maiko akutali analowa m'nchitoyi monga nkhani yosimbidwa, osati monga anzao okamba nao. Mwana wa ku Wisconsin anamvera cisoni mtsikana woyenda maola ambiri kukatunga madzi, nafotokozera cisoni cace mwana wa ku Ontario; mwana wotunga madziyo sanafunsidwe ngati bukulo lanena zoona. Ndiponso Africa ndi Asia aonekera kawirikawiri m'cobvala ca nkhondo, ludzu ndi umphawi, monga ngati kumeneko ana saseka.

Za makina zinenedwe mwacidule. Pamene kalasi la ku Wisconsin liyamba 9 koloko m'mawa mwezi wa October, ku India ndi 7.30 madzulo, ana ali kwao. Kuonana maso ndi maso pa kompyuta kutheka pakati pa oyandikana okha. Zipangizo zomwe aphunzitsi anadalira sizinakhalitse: Edmodo inatsekedwa m'caka ca 2022, Skype m'caka ca 2025. Mau a mphunzitsi, buku ndi kalata ndizo zosafuna magetsi.

Pali njira ina yomwe yaonekera kale. African Storybook, yoyambitsidwa ndi bungwe la Saide ku South Africa, ndi StoryWeaver ya Pratham Books ku India, yotsegulidwa m'caka ca 2015, zilola munthu ali yense kumasulira ndi kusindikiza nkhani zace popanda kulipira, ndipo Cicewa ciri pakati pa zinenero zopezeka kumeneko. Nkhani zace ndi zazifupi, zina zosapsa bwino, ndipo sizingadzaze masabata 6 monga buku la E. B. White, cimeneci ndi cofoka ceniceni. Koma makalasi awiri owerenga nkhani imodzi m'zinenero ziwiri ali ndi zokambirana zimene makalasi a cinenero cimodzi alibe. Kangaude wa m'Charlotte's Web ndi bwenzi lokhulupirika lopulumutsa kankhumba ndi mau oluka pa ukonde wace. Kwa mwana wa ku Ghana kangaude ndiye Ananse, wocenjera ndi wonyenga, monga aliri Kalulu m'nthano za Acewa. Mwana wotere, pomva mitu yoyamba, akadayembekeza kuti tsiku lina kangaudeyo adzagulitsa kankhumbako, ndipo anzace a ku Wisconsin akadafuna kudziwa cifukwa cace.