Masamba 157 a Robert Boice: buku londichititsa manyazi, koma sindikugwirizana nalo ponse

Pa laputopu yanga pali fayilo yomwe ndinaitcha "pepala lomaliza". Yakhala pamenepo zaka ziwiri, chiyambireni ntchito ya ulekichala. Semesita iliyonse ndimadziuza kuti ndimaliza pa holide. Holide ikafika, pamakhala mayeso oti ndichonge, maliro kumudzi, kenako sukulu yatsegulira. Pepala lili pompo. Chikhalirecho, pantchito yathuyi munthu sukwezedwa popanda kusindikiza kafukufuku.

Ndiye mwezi watha ndinawerenga buku la Robert Boice, Advice for New Faculty Members, lomwe linatuluka mu 2000. Boice ndi katswiri wa za maganizo a anthu, ndipo ankaphunzitsa pa State University of New York ku Stony Brook. Kwa zaka zambiri ankatsatira aphunzitsi atsopano a m'mayunivesite a ku America, kufufuza chifukwa chake ena amalemba pomwe ena amangokhalira kulonjeza.

Yankho lake ndi lopweteka. Akuti ambiri mwa atsopano amathera nthawi yochuluka mopitirira pokonzekera maphunziro a m'kalasi, kulemba n'kumakuikira padera mpaka adzapeze masiku angapo opanda chosokoneza. Masiku amenewo safika. Akafika, munthu amalemba usiku wonse ngati wogwidwa mizimu, n'kutopa, n'kudana nako kulembako kwa miyezi. Ochepa omwe zinkawayendera ankachita zosiyana: kulemba pang'ono tsiku lililonse, kuyamba asanadzimve kuti akonzeka, kusiya asanatope, ndi kuonetsa anzawo zolemba zikadali zosapsa. Pang'onopang'ono ndi mtolo, basi.

Apa Boice wandigwira pakhosi, sindikana. Ine vuto langa si ulesi, ndi mantha. Kukonza manotsi a kalasi ya mawa kumandipatsa chifukwa chabwino chothawira ndime yomwe yandikanika. Munthu amaoneka wotanganidwa, pomwe akubisala.

Koma pali pomwe tasiyana. Manambala otchuka a Boice amachokera mu kafukufuku wake wa 1989. Gulu lomwe linkalemba mwa apo ndi apo, nthawi yaitali kamodzin'kamodzi, linkalemba masamba pafupifupi 17 pachaka. Olemba tsiku lililonse anafika 64. Olemba tsiku lililonse, omwenso ankayenera kuonetsa munthu wina zomwe achita, anafika 157. Manambalawa amakopa, eti? Koma tsamba ndi muyeso wachinyengo. Ndikhoza kudzaza masamba khumi osanena kanthu. Sabata yomwe pepala langa linapita patsogolo kwambiri ndi yomwe ndinafufuta masamba anayi nditazindikira kuti funso langa la kafukufuku linali lolakwika. Pa sikelo yowerenga masamba, sabata imeneyo ndinabwerera m'mbuyo.

Sindili ndekha pokayika. Helen Sword wa ku University of Auckland anacheza ndi akatswiri 100 ochita bwino pa zolemba, ndipo mu 2016 anasindikiza nkhani yotsutsa lamulo lolemba tsiku lililonse. Anapeza kuti ambiri mwa olemba opambanawo salemba tsiku ndi tsiku. Aliyense ali ndi kachitidwe kake. Buku lake la 2017, Air & Light & Time & Space, limafunsanso za chisangalalo cha wolemba ndi anthu omuzungulira, osati ndandanda yokha.

Chachiwiri, Boice amaika zopinga zambiri m'mutu mwa wolemba: kuzengereza, kufuna zangwiro, kudzinyoza. N'zoona, zilipo. Koma bukuli linalembedwera munthu wokhala ndi ofesi yake, laibulale yodzaza ndi magetsi osazima. Ine semesita yatha ndinali ndi kalasi ya ophunzira oposa 200, popanda wondithandiza kuchonga. Ola lomwe ndinaika loti ndizilemba m'mawa, theka la masiku magetsi kunalibe. Ma journal ena amafuna madola kuti akusindikizire. Zimenezi si maganizo oipa oti ndiwagonjetse ndi mtima wodekha. Buku likamakuuza kuti vuto ndi khalidwe lako, ukalephera umadziimba mlandu pa zinthu zomwe sunazilenge ndiwe. Komanso akuluakulu a yunivesite akhoza kulikonda bukuli pa chifukwa cholakwika: ndi chapafupi kuuza lekichala watsopano kuti azidzuka folo koloko kusiyana ndi kumuchepetsera makalasi.

Kalembedwe kake nakonso, abale, n'kotopetsa. Bukuli lili ndi zigawo zitatu, za kuphunzitsa, kulemba ndi kukhala ndi anzako pantchito, ndipo malamulo omwewo amabwerezedwa m'chigawo chilichonse. Buku lolalikira kuti tisachite chinthu mopitirira muyeso, ilo lomwe n'kumabwereza mopitirira muyeso. Pafoni simungalimalize mutakhala pansi kamodzi.

Nanga ndatolapo chiyani? Ziwiri. Ndili ndi kakope komwe ndimalembamo madzulo aliwonse, osati kuchuluka kwa masamba, koma chomwe ndathana nacho: ndime yomwe yamveka, tebulo lomwe ndakonza, mfundo yomwe ndataya. Ndipo Lachisanu lililonse ndimatumizira mnzanga wa dipatimenti ina pa WhatsApp zomwe ndachita, iyenso amanditumizira zake. Ndikaganiza bwino, chinsinsi cha gulu la masamba 157 lija sichinali wotchi ayi, chinali munthu wodikira kuti aone.

Ngati mwangoyamba kuphunzitsa, kapena mukulimbana ndi thesis, liwerengeni, makamaka chigawo cha kulemba. Koma likayamba kukuuzani kuti zonse zili m'manja mwanu, muyang'ane kaye mulu wa mapepala oti muchonge womwe uli patebulo lanu. Langa lija silinathebe, koma tsopano ndikudziwa chomwe likunena, ndipo latsala chigawo chimodzi.